Tchaja ya Lachisanu

Makoswe a pa Kamwendo sadya mtedza wokha.
Lolemba usiku anatafuna chingwe cha tchaja yanga
pakhosi penipeni, pomwe ndinakulungapo tepi kawiri,
ndipo m'mawa laputopu inangoti phethi, nkugona.

M'mimba mwakemo muli mayina a alimi a kalabu yathu,
matumba a soya amene aliyense anatula,
ngongole ya mbewu, ndi amene anabweza theka.
Lole ya wogula ikubwera Lachisanu.
Buku la mapepala tinalitaya chaka chatha
tikudzitama kuti ife tsopano ndi amakono.

Ndinaifunda chitenje ngati mwana wa malungo,
nkuikhazika pamiyendo m'minibasi mpaka pa boma la Mchinji,
kuseri kwa depoti, m'kachipinda ka Gonjetso
komwe zingwe zimalendewera kudenga ngati fodya m'chigafa.

Ndinati, ndipatseni yakuda, ya kamwa yozungulira.
Anaseka. Onse ndi akuda, mayi.
Anaigoneka chagada, nayandikitsa diso
pa timalemba tomwe zaka zinayi sindinawerengepo.
Naintini poyinti faifi, anatero. Mavoloti amenewo,
osati mavoti, awa sabera.
Afanane ndendende, mukaonjeza mwaotcha,
mukachepetsa mwaimana.
Koma ma-ampu achuluke, palibe mlandu,
imamwa okhawo ikufuna, ngati ng'ombe pa Bua.

Anayala atatu pathebulo.

Woyamba wonyezimira, wa m'pulasitiki, wadzera ku Mwami dzulo,
wopepuka ngati chitsononkho.
Mtengo wake unandimwetulira.
Ndinauza mtima kuti ukhale pansi kaye.

Wachiwiri anali ndi milomo isanu ndi itatu
yolumikizana ngati makiyi a woyang'anira ndende,
ndi kabatani kosankhira mphamvu.
Ameneyu amalowa nyumba iliyonse, anatero Gonjetso.
Ndinakumbukira Sankhulani wanga wa zaka zisanu
amene sanaonepo batani nkulisiya.

Wachitatu wakale, wokalikakalika,
dzina la munthu wina, Chiwoko, lolembedwa ndi penti woyera,
wolemera m'dzanja ngati mwala wonolera.
Kukamwa kwake mkombero wabuluu,
ndi kasingano pakati, kowonda ngati munga.
Kasingano kameneko, akuti, ndi komwe kamapereka moni,
laputopu ikapanda kukamva
imalandira mlendo koma osamudyera chakudya.

Wopepuka uja analowa, inde, koma amagwedera
ngati dzino la mwana.
Wa Chiwoko anangoti tswii, nkukhala.

Magetsi kunalibe.
Tinadikira, ine pa benchi, iye akukonza wailesi ya munthu,
osintha ndalama akukuwa panja, kwacha iyi ndi kwacha inayo,
mpaka firiji ya kugolosale inayamba kung'ung'udza.
Kuona maso a nkhono nkudekha:
kanyali koyera, kochepa ngati njere ya mpunga,
kanayaka m'nthiti mwa laputopu.
Ndinagwira tchaja ija nthawi yonse yomwera tiyi.
Inafunda ngati dzira la kumene, osapitirira apo.

Mtengo tinakangana, iye pamwamba, ine pansi,
tinakumana pomwe panatsala ya minibasi yokha.
Tengani ndi yapadera, anatero, makoswe sasamuka.
Ndinati yapadera idikire soya.
Ananditolera chitini cha mkaka chopanda kanthu, chokhala ndi chivindikiro.
Muzigoneka umu.

Ndisananyamuke ndinatsegula kaundula.
Onse analipo, Kadammanja, Nasiyaya, mkazi wa Mlongoti,
matumba awo ali chilili m'mizere.
Ndi pamzere wa makumi atatu ndi chimodzi, dzina langa,
ngongole ya mbewu, yofiira,
yomwe masiku awiri a mdima aja
ndinali nditayamba kuiwala bwinobwino.